Foni inati tili ku Leicester, ine n'kuvomera

Pali "eya" mmodzi amene ndinanena m'mawa wina wa nyengo yozizira, ndipo mpaka pano amandidzutsa pakati pa usiku. Sindinanene kuti ndiname ayi. Anali eya wathu uja amene amatuluka yekha munthu waudindo akatifunsa mothamanga ife tisanamvetse, eya waulemu, wosafuna kutayitsa anthu nthawi. Tsiku limenelo eya ameneyu akanatumiza ambulansi kumzinda umene uli kutali ndi kumene ndinali ngati mmene Lilongwe atalikirana ndi Blantyre.

Ndimagwira ntchito ya care, yosamalira okalamba ndi odwala m'makomo mwawo, kumidzi ya kufupi ndi Hexham, ku Northumberland, kumpoto kwa England. Amene muli kuno mukuidziwa kale ntchito yake, khomo ili khomo ilo kuyambira mdima wa m'mawa mpaka mdima wa madzulo, choncho sindichulutsa gaga m'diwa.

## M'mawa uja

Agogo amene anadwala tsiku limenelo ndinali nditawayendera kwa milungu itatu yokha. Ndimawatchula agogo mumtima mwanga, chifukwa pakamwa pamandilemera kutchula munthu wa zaka zoposa 80 ndi dzina lake loyamba monga amachitira kuno. Nyumba yawo ili m'chigwa, pansi pa msewu, chitseko chobiriwira. Tonse ogwira ntchito tinkadziwa kuti ukangotsika kamtunda kaja netiweki yathera pomwepo, ndipo ukafuna kuimba ndiye ukwerenso mpaka pageti.

Ndinatsegula ndi kiyi wa m'kabokosi ka pakhoma, n'kuodira monga mwa masiku onse. Zii. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, silipasi imodzi kuphazi, inayo ali nayo m'manja akuiyang'ana ngati chinthu chachilendo. Atadzutsa mutu ndinaona pakamwa patapotokera mbali imodzi, malovu akutsika pachibwano. Ndinawapempha kuti akweze manja onse awiri. Lamanja linakwera pang'ono n'kugwera pantchafu. Anayesa kundiyankhula, koma mawu ankatuluka ngati a munthu amene wadzaza phala m'kamwa. Sitiroko, monga momwe anatiphunzitsira.

Foni yanga inalibe ngakhale kamzere kamodzi. Ndinathamangira pakatebulo ka m'khonde la m'kati pomwe pankakhala foni ya m'nyumba, yoyera, yopanda chingwe, pambali pa rauta ndi kabokosi kena kakuda kothwanima timagetsi tobiriwira. Kabokosi kameneko ndinali nditakapukuta fumbi kangapo osadzifunsa kuti n'kachiyani.

Ndinaimba 999, nambala ya ngozi ya kuno, ndikubwerera kuchipinda. Woyamba kuyankha anafunsa thandizo limene ndinkafuna, ndinati ambulansi. Kenako ananena chiganizo chachitali, munali nambala, munali dzina la msewu. Nthawi yomweyo agogo anayamba kutsetsereka pabedi. Ndinapanira foni paphewa, manja onse awiri m'khwapa mwawo, bondo langa litatsekereza mawondo awo kuti asafike pansi. Ndinamva kuti mawu aja athera m'mwamba ngati funso.

"Eya, eya, chonde fulumirani."

Anandilumikiza kwa a ambulansi. Anayankha mayi wa mawu odekha. Wodwala akupuma? Akupuma. Ali maso? Ali maso. Kenako anandifunsa adiresi ya pomwe tili. Adiresi inali mu app ya kuntchito, pa foni yanga imene inkangozungulira osatsegula. Ndikuchita chibwibwi, mayiyo anafuna kundithandiza, n'kuwerenga zimene zinali pa sikirini yake, pang'onopang'ono tsopano: nambala yakuti, msewu wakuti, Leicester.

M'mimba munandizizira.

"Ayi mayi, sitili ku Leicester. Tili kumpoto, kufupi ndi Hexham."

"Chabwino. Ndiuzeni postcode."

Postcode, zilembo ndi manambala olozera dera la nyumba, sindinkaidziwa. Ndinkadziwa dzina la mudzi, ndinkadziwa dzina la nyumba poti kumidzi kuno nyumba zambiri zili ndi mayina m'malo mwa manambala, ndinkadziwa chitseko chobiriwira ndi mlatho wamiyala umene umawoloka usanakhote. Ndinawagoneka agogo chammbali, n'kuthamangira kukhitchini. Ndinatola bokosi la mankhwala, koma kapepala ka pamenepo kamakhala ndi dzina la wodwala ndi adiresi ya famase, osati ya kunyumba. Ndinasanthula manyuzipepala, ndinatsegula madirowa. Mayi uja ankangoti, "Ndili pompano, musadule." Pomaliza ndinaona envelopu ya kalata ya kuchipatala itapanidwa ndi maginito pachitseko cha firiji. Ndinawerenga zilembo ndi manambala aja kawiri, dzanja likunjenjemera mpaka pepala kumalira.

Anandiuza kuti iye ali ku chigawo china, ndipo akutumiza zonse kwa anzake a kumpoto kuti iwo ndiwo atulutse galimoto. Anakhala nane pa foni kufikira atatsimikiza kuti uthenga wafika. Mayi ameneyu sindidzamuona, koma ndimamupempherera.

## Nambala inasamuka, adiresi inatsala

Agogo anapulumuka. Mankhwala osungunula magazi oundana amafunika aperekedwe pasanathe maola anayi ndi theka chiyambire zizindikiro, ndipo anafika kuchipatala nthawi idakalipo. Dzanja lamanja silinabwerere mwakale, mawu amabwera mochedwa, koma ali moyo ndipo ali kwawo.

Patapita masiku atatu ndinakumana ndi mwana wawo wamkazi m'khitchini momwemuja, mayi wachikulire kundiposa, maso atatupa. Nditamufotokozera za Leicester anakhala pampando osayankhula, kenako anati, "Ndine ndinachita zimenezo."

Makolo ake anakhala ku Leicester moyo wawo wonse, nambala yawo ya foni ya m'nyumba anali nayo kwa zaka zoposa makumi anayi. Bambo atamwalira, anawatenga mayi ake kuti akhale naye pafupi. Agogo anavomera kusiya nyumba, kusiya dimba la maluwa, koma nambala anakaniratu. Anzawo a kutchalitchi anailoweza pamtima, ena ndi okalamba moti sangaphunzirenso ina. Ndiye mwana uja anasamutsira nambalayo ku kampani ina ya mafoni a pa intaneti, akadali ku Leicester, ndipo polembetsa analemba adiresi ya kumeneko. Tsiku losamuka anazula kabokosi kakuda kaja, anakaika m'katoni pamodzi ndi mbale, anakalumikiza ku rauta ya nyumba yatsopano, foni n'kulira. Aliyense anakondwa. Chinali chikondi chenicheni, ndipo sindilola wina aliyense kumuloza chala mayi ameneyu.

Anatsegula laputopu pomwepo. Tinafufuza mu akaunti mpaka tinapeza malo olembapo adiresi ya nthawi ya ngozi, obisika pansi pa zinthu zina zambiri. Munali msewu uja ndinaumva pa foni. Kusintha sikunatenge mphindi ziwiri.

Usiku umenewo ndinayamba kuwerenga, chifukwa mtima sunkandilola kugona ndisanamvetse. Foni yakale ya m'nyumba inali ngati mbuzi ya pachingwe. Waya wakopa unkachoka pakhoma la nyumba yako mpaka ku exchange, nyumba yolumikizira mafoni ya m'dera lanu, ndipo nambala inkakhala ya waya umenewo. Ukaimba 999, amene walandira ankaona adiresi imene waya wathera, ndipo sizikanatheka kuti ukhale kwina. Ngakhale munthu akomoke asananene kanthu, ankadziwa khomo loti akagogode.

Foni ya pa intaneti ilibe chingwe chotero. Mawu ako amaduliwa tizidutswa n'kuyenda pa intaneti ngati uthenga wina uliwonse, ndipo nambala imakhala pa makompyuta a kampani, osati pakhoma pako. Kabokosi kaja ungakalumikize ku Leicester, ku Hexham, ngakhale ku Area 25, kalira ndi nambala yomweyo. IP address, nambala imene kamadziwika nayo pa intaneti, sinena nyumba. Ndiye kampani imapereka kwa olandira mafoni a ngozi adiresi imene kasitomala analemba pa fomu, basi. Ngati foniyo unaitenga kwa kampani yomweyo imene inakukokera intaneti m'nyumba, nthawi zambiri adiresi imasintha pamodzi ndi kusamuka kwako. Koma ngati ndi kampani yapadera, monga zinalili kwa agogo, palibe amene amadziwa kuti wasamuka pokhapokha utanena wekha.

Kuno ku Britain foni iliyonse ya 999 imayamba yafika kwa antchito a kampani ya mafoni ya BT, ndipo iwo ndi amene amaipatsira ku polisi, kwa ozimitsa moto kapena kwa a ambulansi a dera limene woimbayo akuoneka kuti ali. England yokha ili ndi mabungwe a ambulansi a m'zigawo khumi, lililonse ndi zipinda zake zolandirira mafoni. Foni ikachokera pa intaneti, wolandira uja amatha kuona chizindikiro chakuti adiresi mwina si yodalirika, n'chifukwa chake amafunsa woimba kuti atsimikize. Ndiye kuti funso lija ndinaliyankha ndi eya linali mpanda womaliza umene anthu anamanga pofuna kutchinga vuto lenileni limeneli. Munthu uja anagwira ntchito yake bwinobwino. Pampandapo panali ine, ndipo ndinatsegula.

## Chaona mnzako chapita

Nditafufuza ndinapeza kuti nkhaniyi ndi yakale, ndipo ena inawathera moipa kwambiri.

Mu Epulo 2008 ku Calgary, m'dziko la Canada, mwana wa miyezi 18 anadwala mwadzidzidzi. A pabanjapo anaimba 911, nambala ya ngozi ya kumeneko, pa foni ya pa intaneti. Banjalo linali litasamuka kuchokera ku Mississauga, ku Ontario, ndipo adiresi ya nthawi ya ngozi inali idakali yakale. Ambulansi inathamangira ku Mississauga, makilomita oposa 2,500 kuchokera pomwe mwana anagona. Ku Calgary anthu ankangosuzumira pawindo kudikira galimoto imene sinkabwera, mpaka anakaimbanso pa foni ya oyandikana nawo. Mwanayo anamwalira. Nkhani imeneyi ndinaiwerenga nditakhala pabedi, ndipo ndinazimitsa foni n'kulira. Ndi katoni yomweija, kabokosi komweko, kusamuka komweko.

Ku Houston, ku America, mu Febuluwale 2005, mtsikana wina anaimba 911 makolo ake atawomberedwa ndi achifwamba m'nyumba, ndipo foni ya pa intaneti inamuyankha ndi mawu ojambulidwa akuti thandizo limenelo silipezeka pa foniyo. Chaka chomwecho bungwe la boma la America loyang'anira za mafoni, la FCC, linalamula kuti makampani otere azifikitsa mafoni a 911 kumalo oyenera, komanso azilemba adiresi ya kasitomala asanamutsegulire foni. Kuno Ofcom, bungwe loyang'anira za mafoni, inalamula kuti kuyambira mu Seputembala 2008 mafoni a pa intaneti amene amaimbira manambala wamba aziimbiranso 999 ndi 112, nambala ina ya ngozi.

Malamulo amenewa anathandiza, sindikana. Koma onse amathera pamalo amodzi: adiresi imene munthu analemba tsiku lina, mutu uli pa zina. Ine maganizo anga ndi akuti katundu ameneyu ndi wolemera kuti asenzedwe ndi nkhalamba kapena mwana wake amene akusamutsa mayi ake maliro atangotha kumene. Kabokosi kakayamba kulankhula kuchokera pa intaneti ina yachilendo, kampani imaona. Chimailetsa n'chiyani kuimba foni kapena kutumiza uthenga n'kufunsa kuti kodi mwasamuka? Bilu ikachedwa tsiku limodzi amakupeza msanga. Apanso angathe.

## Mawaya akale akupuma

Chimene chikundikakamiza kulemba tsopano n'chakuti zimene zinali za anthu ochepa zikufika khomo lililonse. Netiweki yakale ya mafoni a m'nyumba ku Britain ikutsekedwa. Poyamba anati pofika kumapeto kwa 2025, kenako anasunthira ku 31 Januwale 2027. Foni iliyonse ya m'nyumba ikhala yodutsa pa intaneti, yolumikizidwa kuseri kwa rauta. M'nyumba zimene ndimalowa ndikuziona zikusintha imodzi ndi imodzi, ndipo eni ake ambiri amangoti anabwera mnyamata wina n'kusuntha chingwe.

Pali vuto lachiwiri limene anthu a kuno ku Northumberland sayiwala. Foni yakale inkalandira mphamvu yake kuchokera ku exchange kudzera mu waya womwewo, ndiye magetsi akazima inkagwirabe ntchito. Ya pa intaneti rauta ikazima nayonso yazima. Kumapeto kwa Novembala 2021 mphepo yamkuntho yotchedwa Arwen inagwetsa mitengo ndi mapolo kuno, midzi ina inakhala yopanda magetsi kupitirira sabata, ndipo nsanja za mafoni a m'manja nazo zinazima mabatire atatha. Ine ndinali ndisanabwere, koma okalamba anga amaikamba ngati mmene kwathu timakambira Freddy. Ofcom imati kampani iyenera kupereka njira yoti munthu athe kuimba 999 kwa ola limodzi kapena kuposerapo magetsi akazima, ndipo kwa amene amadalira foni ya m'nyumba yokha aziipereka ulere. Kawirikawiri limakhala batire lolumikiza ku rauta. Ola limodzi ndi lochepa kwa munthu wa m'chigwa, komabe ambiri amene ndimawasamalira sankadziwa n'komwe kuti ali ndi ufulu wolipempha. Tsopano ndimawauza ana awo kuti aimbe, anene kuti m'nyumba muno mulibe netiweki ya foni ya m'manja ndipo muli wodwala.

Ndiponso timabatani tija okalamba amavala m'khosi kapena pamkono, toti akagwa adine. Tambiri takale tinapangidwira waya wakopa, ndipo pa intaneti tina timalephera kulumikiza. Mu Disembala 2023 makampani akuluakulu a mafoni anasaina pangano ndi boma lakuti asamusinthire munthu wovala kabatani kotere asanatsimikize kuti kazigwirabe ntchito. Ine ndikaona rauta yatsopano m'nyumba ya wodwala wanga, ndimapempha kuti tidine kabatani kaja limodzi tsiku lomwelo, timve ngati wina ayankha.

## Kwathu timadziwa kunena malo

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti luso limene ndinasowa m'mawa uja ndi limene ndinakula nalo. Ku Ndirande palibe makina amene amadziwa pomwe uli. Munthu akadwala usiku umaimbira wa galimoto amene ukumudziwa n'kumuuza kuti mukadutsa pamsika mukhotere kumanzere pa chigayo, mutsike mpaka pa mjigo, muona mpanda wa malata, pali mwana ndi tochi akudikirani. Ngakhale kamwana ka sitandade 2 kamatha kulondolera mlendo mpaka pakhomo. Pofika ku Queens aliyense m'galimotomo amakhala akudziwa njira imene wadzera.

Nditafika kuno ndinasiya zonsezo m'manja mwa mapu a pa foni. Ndinkalowa m'nyumba khumi pa tsiku osadziwa postcode ya ngakhale imodzi. Ndinkakhulupirira kuti kuno zonse zinalembedwa kale penapake, ndipo wondifunsa akungotsimikiza zimene akudziwa kuposa ine. Eya wanga uja anachokera pamenepo.

Foni ya m'manja ndiye ina nkhani, ndipo pamenepa pali chabwino. Ukaimba 999 pa Android kapena iPhone, foniyo imayatsa yokha GPS ndi Wi-Fi n'kutumiza mwakachetechete uthenga wonena pomwe uli. Njira imeneyi imatchedwa Advanced Mobile Location, inayambira kuno ku Britain mu 2014, Google inaiika m'mafoni a Android mu 2016, Apple mu 2018. Komanso netiweki ya kampani yako ikasowa, foni ya 999 imadutsira pa ya kampani ina iliyonse imene ilipo. Koma m'chigwa cha agogo munalibe iliyonse.

Abale amene mwangofika kumene, mvetserani apa. Ambiri timatha milungu yoyamba tikudalira WhatsApp ya nambala ya kwathu ndi Wi-Fi ya m'nyumba ya lendi. WhatsApp siimba 999. Mutha kuyankhula ndi amayi ku Mzimba pa vidiyo maola awiri, koma mnzanu wa m'chipinda akakomoka, app imeneyo sikufikitsani kwa a ambulansi a mumsewu wachiwiri. Gulani SIM ya kuno tsiku loyamba, ndipo adiresi ya pomwe mukugona muiloweze ngati dzina lanu.

## Kapepala ka pakhoma

Tsopano ndisanatsegule chitseko cha nyumba iliyonse ndimaima kaye n'kunena mokweza dzina la nyumba, mudzi ndi postcode. Mnzanga wa ku Zimbabwe amene timayenda naye mashifiti a anthu awiri poyamba ankangondiyang'ana, pano amayamba ndi iye. Ndikaona foni yolumikizidwa ku rauta kapena ku kabokosi, ndimafunsa achibale kuti akaunti yake ili m'manja mwa ndani, ndipo adiresi ya nthawi ya ngozi anaiona liti komaliza. Mpaka pano ndapezanso nyumba ina imodzi imene inali ndi adiresi yakale, ya flat imene mwini wake anachokamo kalekale.

Ndaphunziranso kunena kuti sindinamve, bwerezani. Ndimazinena kwa dokotala, kwa abwana, kwa wina aliyense, ngakhale nkhope yake ionetse kutopa nane.

Kwa agogo, ine ndi mwana wawo tinalemba adiresi ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni yoyera n'kumata pakhoma pamwamba pa foni, ina pafiriji, ina pambali pa bedi. Pansi pake tinalemba kuti: mukawoloka mlatho wamiyala, nyumba yachiwiri kumanzere, chitseko chobiriwira. Mzere umenewo ndinaumirira ndine.

Wophunzitsa kuyankhula amene amabwera Lachiwiri ataona katoni ya kuchipinda, anaiphatikiza pa zoyeserera za agogo. Ndiye m'mawa uliwonse ndikamaliza kuwaveka, amaloza ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kuwerenga. Dzina la nyumba limatuluka bwino tsopano. Dzina la mudzi amalidula pawiri. Pa postcode amaima nthawi yaitali pa chilembo choyamba, milomo ikugwedera, ndipo masiku ena chimene chimatuluka ndi L wa postcode ya ku Leicester. Amapukusa mutu okha, n'kubwereranso poyambira, ine nditagwira silipasi ndikudikira.